Jeti ya rimoti ya 64mm: yokoma m'mwamba, yovuta potera

Jeti iyi ndi kandege kakang'ono koulutsa ndi rimoti, kopangidwa ndi foam ya EPO (pulasitiki wopepuka wofewa). Fani wake wa 64mm, yemwe amaikankha kuti iziuluka, ali mkati mwa thupi, ndipo imayendera batire yotchaja ya mtundu wa LiPo ya 4S (ya zigawo zinayi zotchedwa maselo) 2200mAh. Ikakwera imamvera rimoti bwino kwambiri. Mavuto ake ali ponyamuka ndi potera.

Kasungu kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndiye dzuwa la Okutobala likaswa mtengo mpweya umapepuka, fani sakankha mokwanira. Ulutsani m'mamawa, moyang'anizana ndi mphepo, ndipo musathamangire kukweza mphuno isanapeze liwiro. Mateyala ake ndi aang'ono. Pa bwalo la mpira lafumbi amakodwa, ndipo fani amameza timiyala n'kuthyoka mapeni. Kuli bwino kuchotsa mateyalawo, mnzanu aziiponya ndegeyo ndi manja.

Kawirikawiri imagwa pokhota komaliza isanatere. Mukachepetsa mphamvu kwambiri, phiko limodzi limagwera pansi, ndegeyo n'kubwera chamutu. Ilibe pulopela woti aziuzira mphepo pa mapiko, komanso fani amachedwa kudzuka, choncho kukankha throttle (ndodo ya pa rimoti yowonjezera mphamvu) pamenepo kumakhala kuchedwa kale. Siyani mphamvu pang'ono mpaka itatsala pang'ono kukhudza pansi. China ndi batire: lamba wake ndi wofooka, ikatsetserekera kumbuyo ndege imalemera kumchira n'kusiya kumvera. Matanipo Velcro (kansalu komatirira), ndipo muziyeza CG (malo amene kulemera kwa kutsogolo ndi kumbuyo kumafanana) poinyamula ndi zala musanaulutse.

Batire imatha msanga. Ikani taima pa mphindi 3, muzitera selo iliyonse ili cha pa 3.7V. Yotupa kapena yophwanyika pa ngozi musaitchajenso, imayaka moto.

Ubwino wake ndi wakuti imakonzeka. Foam yofinyika imabwerera mukaithira madzi otentha. Mphuno ikaduka, lowetsani timitengo tansungwi tiwiri mkati, mumate ndi epoxy wa mphindi 5. Koma fani wosweka musamate ayi, amanjenjemera mpaka kuwononga mota. Itanitsiranitu wapadera pogula, chifukwa kudikira zipangizo zochokera kunja n'kotopetsa.

Musaulutsire pafupi ndi bwalo la ndege la Kasungu, paja mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegulirapo dera loyesera ma drone.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5 kwa amene anazolowera kale ndege ya pulopela. Wongoyamba kumene asaigule, aithyola tsiku loyamba lomwelo.