Ndemanga: sitima ya Italo pakati pa Milan ndi Rome

Ndakwera sitima ya Italo, ya ku Italy, kanayi pakati pa siteshoni za Milano Centrale ndi Roma Termini, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kampaniyi si ya boma. Inayamba kunyamula anthu mu Epulo 2012 pa njanji yomwenso imadutsa Frecciarossa, sitima ya kampani ya boma ya Trenitalia, ndipo phindu la mpikisanowu ndinaliona ndisanafike n'komwe pa siteshoni. Kutatsala milungu itatu kuti ndinyamuke, ndinayerekeza mitengo ya makampani onse awiri pa intaneti, n'kupeza kuti aliyense anali atatsitsa mtengo pa maola amene mnzake alinso ndi sitima, moti ndinasankha mosapanikizika.

Ulendo wosaima panjira umatenga pafupifupi maola 3, sitima ikuthamanga mpaka makilomita 300 pa ola. Ndinakhala m'gawo lotsika mtengo lotchedwa Smart, mmene mipando yake ndi yachikopa, malo otambasulira miyendo ndi okwanira, ndipo potchajira foni pali pafupi ndi mpando. Khofi amene ndinamuika pa katebulo sanatayike ngakhale dontho. Okonda kuona malo asayembekezere zambiri pakati pa Bologna ndi Firenze, chifukwa pa makilomita 78 a chigawochi, oposa 70 ndi a m'ngalande zoboola mapiri, ndipo pawindo pamangooneka nkhope yako.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha mmene dongosolo la mpikisano lilili, osati chifukwa cha ogwira ntchito, amene anandilandira mwaulemu nthawi zonse. Pa ulendo wachitatu ndinachedwa ndekha, sitima n'kundisiya. Patangopita mphindi zochepa panali sitima ya kampani inayo yopita ku Rome komweko, itaima pafupi ndi pomwe ndinali, zitseko zili pululu, koma tikiti yanga inalibe ntchito mmenemo, pakuti kampani iliyonse imalandira matikiti ake okha. Ndinagula ina pa mtengo wa tsiku lomwelo, ndipo ndalama zonse zimene ndinapulumutsa pogula msanga zinathera pomwepo.

N'zochititsa chidwi kuti njanji ndi masiteshoni zimayang'aniridwa ndi kampani ya RFI, yomwe ili m'gulu limodzi la makampani ndi Trenitalia, kotero Italo imalipira kuti idutse pa njanji ya m'bale wa mpikisani wake. N'chifukwa chake pali bungwe loima palokha la ART, loonetsetsa kuti malipirowo ndi kagawidwe ka nthawi zikhale zachilungamo.

Amene amayenda pakati pa mizinda ikuluikulu ndipo amadziwa tsiku la ulendo wawo pasadakhale, sitimayi iwayenera. Ine popitiriza ulendo wanga kukafika ku tauni yaing'ono ya kumapiri ndinakwerabe sitima yoima pa siteshoni iliyonse, ndipo kumeneko kunali kampani imodzi yokha ndi mtengo umodzi.