Ufa wa jinja: pa nseru wandigwira mtima, koma paketi yake ayikonze

Ndaugwiritsa ntchito miyezi iwiri tsopano, paketi ya magalamu 100, ndipo ndikuupatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Chimene ndinaugulira ndi kutupidwa. Ine ndikadya nsima ya nyemba usiku, mimba imakungika ngati ng'oma, mpweya uli zungulire zungulire, tulo osabwera. Ndinayamba kuthira theka la kasipuni ka tiyi m'kapu ya madzi otentha, n'kufinyiramo ndimu, n'kumwa ndikangosamba m'manja. Pasanathe theka la ola ndimageya kawiri katatu, mimba n'kupepuka. Si matsenga ayi: jinja amathandiza kuti chakudya chisachedwe m'chifu, chitsikire msanga m'matumbo.

Koma pamene wandigometsa ndi pa ulendo. Ine ndi basi sitimvana kuyambira kale. Ndikanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, pofika pa Zalewa ndimakhala nditakonza kale kajumbo pamiyendo, malovu ali tho m'kamwa, anzanga a pampando akundiyang'ana cham'mbali. Ulendo wathawu ndinamwa kapu imodzi ndisanakwere, wina ndinanyamula m'fulasiki. Pa Lizulu ndinali kutsutsana mtengo wa mbatata pawindo ngati munthu wabwinobwino. Kunena zoona kanseru kanabwerako pang'ono cha ku Dedza, koma kajumbo kanafika ku Lilongwe kosagwiritsidwa ntchito.

Chenjerani ndi ukali wake. Ufawu umawawa kuposa jinja wamuwisi wa kumsika, chifukwa akamaumitsa, chinthu chowawa cha mkati mwake chotchedwa gingerol chimasanduka china chotchedwa shogaol, chomwe chimaluma kwambiri. Ine ndinadziwira pa ine ndekha. Tsiku lina m'mawa ndinathira masipuni awiri odzaza, m'mimba mulibe kanthu, poganiza kuti zichira msanga. Chilungulira chake! Pamtima panatentha mpaka masana. Munthu wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku, ndipo amayi oyembekezera amauzidwa kuti asapitirire galamu imodzi. Apongozi anga amamwa warfarin, ndiye sindiwapatsa n'komwe, poti jinja wambiri angathe kusokonezana ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Apa ndi pamene nyenyezi imodzi yagwera. Papaketi palibe mlingo uliwonse, angolembapo kuti amathandiza m'mimba basi. Wina wa zilonda za m'mimba adzawerenga zimenezo n'kusiya kupita kuchipatala, chonsecho zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kofuna mankhwala a dokotala, osati tiyi.

Komanso paketiyo ukangoing'amba sitsekekanso. Mvula itangoyamba ufa unagwirana mibulu, fungo n'kuyamba kuthawa. Wotsalawo ndinaukhuthulira m'kabotolo kagalasi kotsekeka bwino, ndipo ndikagula paketi ina ndidzatero tsiku lomwelo.