Lenzi ya Canon 50mm f/1.8 STM, yabwino koma onani kaye kamera yanu

Aliyense amene wayamba kumene kukopa mafoto kuno ku Chipata amauzidwa kuti gula 50mm basi zinthu ziyenda. Ine ndili nayo pa Canon 2000D ndipo ndimaikonda zedi, koma pali nkhani imodzi imene ambiri sakuuzani musanatulutse ndalama.

Ubwino wake sindingautsutse. Ndi yopepuka, magalamu 160 chabe, siilemetsa khosi ngakhale muzungulire nayo tsiku lonse. Imalowetsa kuwala kwambiri, ija ya 18-55mm yobwera ndi kamera mukaifikitsa pa 50mm imakhala pa f/5.6 pomwe iyi imatseguka mpaka f/1.8 (nambala ya f ikachepa, bowo lolowera kuwala limakula), ndiye kuti kuwala kumalowa pafupifupi kakhumi kuposa inayo. Mu tchalitchi mwa mdima kapena madzulo magetsi atapita imagwirabe ntchito popanda flash. Nkhope ya mkwatibwi imatuluka yakuthwa, kumbuyo konse mbuu, ndipo makasitomala akaona amangoti iyi ndiye foto.

Manje nkhani ija. Nambala ya 50mm payokha siikuuzani kuti muona malo aakulu bwanji, zimadaliranso kukula kwa sensa ya kamera, kachipangizo ka mkati kamene kamalandira chithunzi. Pa full frame, kamera ya sensa yaikulu monga 6D, 50mm imaona madigiri pafupifupi 40 kuchoka kumanzere kufika kumanja. Koma makamera amene ambiri tili nawo, ma 2000D, 1300D, 700D, sensa yake ndi yaing'ono, mamilimita 22.3 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndiye imadula m'mbalimu nkungotsala madigiri 25. Muchulukitse ndi 1.6 mupeza kuti ikuona ngati 80mm pa full frame. Zili ngati kusuzumira pa windo laling'ono, panja ndi pomwepo koma mukuona pang'ono.

Tiyeni tiike m'mamita kuti zimveke. Mukaima mamita 3 kuchoka pa anthu, foto yanu imatenga malo a mita imodzi ndi masentimita 30 basi, anthu awiri oimirira mothithikana, miyendo osaoneka. Ndiye ganizani pa kitchen party kapena chinkhoswe mu sitting room ya ku Kapata, azimayi khumi akufuna alowe onse ndi zitenge zawo zionekere, mufunika kubwerera mmbuyo mamita 11 koma khoma lili pamsana panu, mulibe kolowera ndipo zoom ilibe, zoom yake ndi miyendo yanu. Pamenepo 18-55mm ija imene anthu amaipeputsa ndi imene imakupulumutsani chifukwa pa 18mm, mutaima pa mamita 3 omwewo, imatenga malo opitirira mamita atatu ndi theka.

Kunja nako 50mm ili ndi malire ake. Pa Nc'wala ku Mtenguleni ngati mwapeza mwayi woyandikira impi ikuvina ngoma, mutenga nkhope, nthenga ndi zikopa zokongola kwambiri, koma gulu lonse sililowa, ndipo mukakhala kumbuyo kwa khamu imaperewera. Za nyama ku Mfuwe musayese nkomwe, kumeneko pezani yofika 250mm kapena 300mm.

China, ilibe IS yoletsa kugwedera, choncho liwiro la shutter (chotsegula ndi kutseka kuwala) lisatsike pansi pa 1/100 ya sekondi ngati mwaigwira pamanja. Komanso pa f/1.8 malo akuthwa ndi ochepa, diso limodzi lakuthwa khutu lafifia, ine ndikamakopa anthu awiri ndimaika pa f/2.8 kapena f/4.

Ndiye ngati ntchito yanu ndi ma portrait, ma graduation, ana ndi akwati panja, gulani osakayika, pa mtengo wake palibe ina ya Canon yofika apa. Koma ngati mumakopa kwambiri m'nyumba ndipo kamera yanu ndi ya sensa yaing'ono, yambani mwaona EF-S 24mm f/2.8 STM imene imaona ngati 38mm pa full frame. Musanagule iliyonse, tengani 18-55mm yanu muiike pa 50mm, mukope nayo tsiku lonse osaisuntha, kenako muchitenso chimodzimodzi pa 24mm. Ine 50mm imeneyi ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.