Miyezi 11 ndikuulutsa ndege pa laputopu: ndingaigulenso?

Mwezi uno ndakwanitsa miyezi 11 chigulireni laputopu yomwe ndimaulutsira ndege m'masewera a pakompyuta a Microsoft Flight Simulator ndi X-Plane 12. Anzanga omwe timakumana pa VATSIM, netiweki ya pa intaneti ya oulutsa ndege za m'masewerawa, akhala akundifunsa kuti ikuyenda bwanji, ndiye ndati ndiyankhe panopa, pomwe yadutsa m'nyengo zonse, yozizira ndi yotentha yomwe.

Ndi ya mainchesi 16, ili ndi GPU (chipangizo chojambula zithunzi) ya RTX 4060 ndi purosesa ya Ryzen 7. Inabwera ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 16 GB ndi SSD (posungira mafayilo) ya 512 GB. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg. Pogula, maso anga anali pa dzina la GPU basi. Lero ndikuona kuti dzinalo ndi gawo laling'ono la nkhaniyi.

Ndiyambe ndi kutentha, chifukwa ndi kumene kwandiphunzitsa zambiri. RTX 4060 ya m'laputopu si imodzi. Opanga amaipatsa mphamvu yosiyana, kuyambira mawati 35 mpaka 115, malinga ndi mmene makinawo angathere kutulutsa kutentha. Malaputopu awiri a dzina limodzi pa bokosi akhoza kusiyana kutali ndithu. Yangayi ndi yonenepa, yolemera, chaja chake ngati njerwa, ndipo poyamba ndinkasirira zopyapyala za anzanga. Mu Juni ndi Julayi sinandivutepo. Itafika Okutobala kuno ku Blantyre, ndinayamba kuona zachilendo: ulendo ukapitirira ola limodzi, chithunzi chinkayamba kudukiza, makamaka potera. Purosesa inkafika m'madigiri 90 n'kumadzichepetsera yokha liwiro. Nditatsegula kunsi ndinapeza mafani onse awiri atavala fumbi ngati bulangete. Ndinapukuta, n'kuikweza kumbuyo kuti mpweya uzilowa, ndipo vutolo linatha. Panopa ndimatsegula miyezi itatu iliyonse. Ikanakhala yopyapyala, sindikukhulupirira kuti ikanapirira chilimwe chathu. Phokoso la mafani lokha lilipo, ndipo usiku pamafunika mahedifoni komanso kutseka chitseko kuti ana agone.

Masewera a ndege amasiyana ndi ena chifukwa amalemetsa kwambiri purosesa. Ndikakwera Cessna 172 kuchoka ku Chileka kulowera ku Mulanje, zonse zimayenda myaa, ndipo nsonga ya Sapitwa ikamatuluka m'mitambo m'mawa mtima umakhala pansi. Koma ndikatenga ndege zazikulu zowonjezera m'masewerawa monga A320 ya FlyByWire kapena 737 ya PMDG n'kuima pa bwalo la Heathrow ku London, ndege zina zili mbwee, zinthu zimasintha. Pamenepo kuchepetsa kukongola kwa mitambo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa amene watopa si GPU ayi. Mukatsegula developer mode mu Flight Simulator mudzaona mawu akuti "limited by main thread", kutanthauza kuti purosesa ndi imene ikuchedwetsa zinthu. Chomwe chinandithandiza ndi kutsitsa Terrain Level of Detail (kuchuluka kwa tsatanetsatane wa dziko looneka pansi) komanso kuchepetsa ndege ndi magalimoto a pabwalo. Zinanditengera miyezi iwiri kuti ndimvetse zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndikuzilemba: musathire ndalama zonse pa GPU n'kuiwala purosesa.

RAM ya 16 GB inandikwanira sabata zochepa chabe. Ndikatsegula ndege yaikulu, mapu a ulendo ndi pulogalamu yolankhulira ndi oyang'anira bwalo, inkadzaza. Ndinaika 32 GB, ndipo pa ndalama zonse zomwe ndawonjezera, izi ndi zomwe zaoneka ntchito yake kwambiri. Mwayi unali woti RAM yake ndi yochotseka. Ena amaimatiriza pa bolodi moti simungawonjezere, choncho funsani musanalipire. SSD nayo chimodzimodzi. Flight Simulator ya 2020 payokha imadya pafupifupi 150 GB, ndiye mukawonjezera X-Plane ndi mabwalo angapo, 512 GB yatha. Ndinaika ina ya 1 TB m'malo achiwiri omwe anali opanda kanthu.

Chomwe sindingasinthe ndi memori ya 8 GB ya GPU. Pa 1080p imakwana, ndipo frame generation ya DLSS, yomwe imawonjezera zithunzi pakati pa zinzake, imathandiza kuti chithunzi chisalale. Ndikalumikiza sikirini yaikulu ya 1440p n'kutera pa bwalo lodzaza, imafika m'khosi. RTX 4070 ya m'laputopu nayo ili ndi 8 GB yomweyo. Kuti mupeze 12 GB pa m'badwo umenewu muyenera kukwera mpaka 4080, ndipo mtengo wake ndi nkhani ina.

Palinso zinthu ziwiri zomwe olemba akunja sakonda kutchula koma kwa ife n'zazikulu. Choyamba ndi intaneti. Flight Simulator 2024, yomwe inatuluka mu Novembala 2024, imatenga dziko lambiri pa intaneti pomwe mukuuluka, ndipo Microsoft imalimbikitsa liwiro la 50 Mbps. Ya kunyumba kwanga sifika pamenepo, ndipo bandulo imatha msanga. Choncho ndinabwerera ku ya 2020, yomwe ili ndi rolling cache yosungira malo omwe ndimadutsa kawirikawiri, ndipo masiku omwe netiweki yavuta ndimatsegula X-Plane 12, poti dziko lake limakhala m'kompyuta momwemo. Chachiwiri ndi magetsi. Batire sili loulutsira ndege: mukangochotsa chaja, mphamvu imatsika pomwepo ndipo silifika ola. Komabe landipulumutsa kangapo. Tsiku lina magetsi anathima ndili pafupi kutera pa Kamuzu International kuchokera ku bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg, patatha maola awiri ndili m'mwamba. Kompyuta ya patebulo ikanazima pomwepo. Iyi inangochedwa pang'ono, ndipo ndinatera.

Ndiye ndingaigulenso? Inde, ndipo ndingasankhenso yonenepa yomweyi. Kungoti ulendo uno ndingayambe ndafunsa mawati a GPU, malo owonjezera RAM ndi SSD, komanso kuchuluka kwa madoko a USB, chifukwa joystick, throttle, mbewa ndi mahedifoni zinadzaza anga onse tsiku loyamba ndipo ndinagula hub (chowonjezera madoko) ya magetsi akeake. Sabata yamawa ndikuyembekezera ma rudder pedals (zopondera zowongolera ndege), ndipo doko lomaliza pa hub ndasungira amenewo.