Chowotcherera changa cha 60W, patatha miyezi 8

Mphwanga wayamba kuphunzira kukonza mafoni, ndiye dzana wandifunsa kuti agule chowotcherera (soldering iron) chotani. Ndinayang'ana changa chili pa benchi nsonga ili bii, ndikuti ndilembe zomwe ndaona.

Ndinachigula m'shopu ina ku Limbe: 60W, nsonga za mtundu wa 900M, ndi kagudumu pa chigwiriro kosinthira kutentha kuyambira madigiri 200 mpaka 450. N'chopepuka, chimatentha msanga, chingwe chake sichinasendekepo. Pa mawaya a sipika kapena posintha makapasita a wailesi sichinandikhumudwitsepo, chifukwa soda wowotcherera (solder) wa 60/40, wosakaniza tini ndi mtovu, amasungunuka cha m'ma 190 basi.

Vuto lili pa mafoni. Mabodi ake amawotcherera ndi soda wopanda mtovu, wofuna madigiri pafupifupi 220, ndipo timiyendo togwira charging port timakhala pa kopa wambiri amene amayamwa kutentha. Ndikangogunditsa nsonga pamenepo imazizira, soda n'kumangokhala ngati phala losapsa. Ndinkakweza kagudumu mpaka 420. Pa moto wotero nsonga imada m'masiku ochepa, soda n'kumangogubuduka osamata. Tsiku lina ndinakanikiza kwambiri pa foni ya mayi wina wogulitsa tomato, kanjira ka kopa n'kumatuka pa bodi. Ndinatha ola lathunthu ndikulumikiza ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, mayiwo ali chilili pakhomo. Sindinawalipiritse. Tsiku limenelo ndinafuna kuchiponya m'dzala.

Gwero lake ndinadzalipeza nditamasula nati yogwira nsonga. Nsonga zosinthira zimene ndinkagula kwa wogulitsa yemweyo n'zazikulu mkati, zimagwedera pa kamtima koyera kotenthetsa kamene kamalowa m'nsongamo, ndiye pakati pamatsala mpweya, kutentha osadutsa bwino. Mnzanga wina atandipatsa nsonga yothina, yampeni, zinthu zinasintha: pa 340 pomwe, nditathira flux (mankhwala othandiza soda kumata) ndi kusakanizako soda wa mtovu pang'ono, port inachoka bwinobwino. Sabata imeneyo ndinayambanso kuchikonda.

Nditabwerera nazo nsonga zisanu zogwedera zija, bambo wa m'shopu anangoti, "Achimwene, katundu wotsegula sitilandira." Ndinawaonetsa mmene zikugwederera pamaso pawo, koma anakana ngakhale kundisinthira imodzi. Nditawerengera nsonga zonse, ulendo wa minibasi ndi ntchito yaulere ija, ndalama zake zaposa mtengo wa chowotchereracho.

Mphwanga ndamuuza kuti ngati ndi mawailesi okha, chotere chikwana, bola pulagi ikhale ya mano atatu yokhala ndi earth, ndipo nsonga aziyesa m'shopu momwemo asanalipire. Koma poti akufuna mafoni, asunge ndalama agule cha T12, chomwe chotenthetsa ndi choyezera kutentha zili m'nsonga momwemo, moti ikazizira imabwezeretsa nthawi yomweyo. Inenso ndayamba kusungira, ndipo m'shopu ija sindikagulamonso.