Galasi kapena simenti: zinyalala za mabomba ku Hanford

Ku Hanford, m'chigawo cha Washington ku America, matanki 177 okwiriridwa pansi akusunga zinyalala zapoizoni zotsala popanga plutonium ya mabomba a nyukiliya. Ena anadontha kale, pomwe mtsinje wa Columbia uli pafupi.

Njira imodzi yothana ndi vutoli ndi yosungunula zinyalalazo pamodzi ndi zopangira galasi pa madigiri Celsius pafupifupi 1,150, n'kuzithira m'migolo yachitsulo. Galasilo likauma limagwira poizoniyo kwa zaka zikwizikwi. Koma fakitale yake, yomwe anayamba kumanga mu 2002, yadya nthawi ndi ndalama zosaneneka.

Njira ina ndi yosakaniza zinyalalazo ndi simenti. Simenti ndi yotchipa komanso yachangu, ndipo ku Savannah River, malo ena a za nyukiliya ku America komweko, amaigwiritsa ntchito pa zinyalala zochepa mphamvu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti madzi amailowerera pang'onopang'ono. Choncho zinyalala zoopsa kwambiri, ine ndikuti zipite m'galasi basi.