Masters ya Loweruka ndi Lamlungu ku Lilongwe: momwe ndinaionera

Anzanga kuntchito amakonda kundifunsa ngati masters yomwe ndinachita kumapeto kwa sabata pa yunivesite ina kuno ku Lilongwe inali yoyenera ndalama zonse zija. Ndimawayankha kuti inde, bola ngati munthu uli kale pantchito ndipo ukudziwa udindo womwe ukuufuna. Koma mwana yemwe wangomaliza digiri yoyamba, akadali pakhomo pa makolo ku Kawale kudikira ntchito, sindingamuuze kuti banja ligulitse puloti chifukwa cha masters.

M'kalasi ndinakhutira kwambiri. Mphunzitsi wathu wa kafukufuku sankatiwerengera manotsi ayi. Ankatipatsa deta yeniyeni ya Integrated Household Survey, kafukufuku wa m'mabanja yemwe National Statistical Office ya ku Zomba imachita, n'kutiuza kuti tiisanthule tokha pa Stata, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero, mpaka tipeze chomwe ikunena pa umphawi ndi chakudya m'maboma. Ine ndimagwira ntchito yotsata momwe mapulojekiti a ulimi akuyendera m'midzi ya ku Dowa ndi Mchinji, ndipo kwa zaka ndinkangodzaza mafomu omwe ena anakonza. Lero ndimatha kuona ndekha ngati mafunso alembedwa mokondera kapena ngati mabanja ofunsidwa asankhidwa molakwika. Luso limeneli ndimaligwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Anzanga a m'kalasi nawonso anali phindu lalikulu: akuluakulu a ku Capital Hill, a m'mabanki a ku City Centre, a m'mabungwe omwe si aboma. Zambiri za momwe bajeti ya boma imayendera ndinazimva kwa iwowa pa nkhomaliro.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi nthawi yolemba thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku lomwe umalemba pomaliza maphunziro moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wotchedwa supavaiza. Supavaiza wanga anali munthu wodziwa zinthu, koma anali ndi ophunzira ochuluka, akuphunzitsanso kwina, akuchitanso maganyu a ukonsaltanti. Chaputala chinkakhala kwa iwo miyezi. Ndikaimba foni ankati, "Mayi, ndikuonerani sabata ino," sabata n'kutha, mwezi n'kutha. Semesita ikadutsa usanamalize, sukulu imafuna ulipirenso, ngakhale kuchedwako si kwako. Si chilungamo chimenecho, ndipo palibe ofesi yomwe inkamva dandaulo lathu. Pamwamba pa izo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi inakwera ife tili pakati pa maphunziro, ndipo ena a m'kalasi mwathu anasiyira pomwepo atalipira kale chaka chathunthu. Laibulale inali yosauka. Nkhani zambiri za kafukufuku ndinkazisaka pa intaneti ndi bando yogula ndekha.

Nanga ntchito? Nditavala gauni, malipiro anga sanasinthe ngakhale tambala imodzi. Anzanga a m'boma anapeza zomwezo: satifiketi imalowa mufayilo, koma kukwezedwa kumadikira kuti malo apezeke ndiponso kuti ukakhoze intavyu. Kusintha kunabwera pambuyo pake, pamene bungwe lina linalengeza udindo wofuna masters pamodzi ndi zaka zogwira ntchito. Kale kalata yanga ikanatayidwa asanaiwerenge. Ulendo uno anandiitana, ndipo mafunso a kasankhidwe ka anthu pa kafukufuku ndinawayankha ndi zomwe ndinaphunzira pa deta ija. Zaka za m'midzi zija ndi pepalali zinagwira ntchito limodzi. N'chifukwa chake ndimadera nkhawa achinyamata omwe amathamangira masters asanagwirepo ntchito: olemba ntchito amawaona ngati okwera mtengo pa udindo waung'ono, ndiponso osazolowera pa udindo waukulu. Wofuna kuphunzitsa pa yunivesite, monga ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, nkhani yake ndi ina, chifukwa kumeneko masters ndi poyambira.

Musanalipire, onetsetsani kuti pulogalamuyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, bungwe la boma loyang'anira sukulu za ukachenjede. Kenako funsani ku ofesi kuti mwa omwe anayamba zaka zitatu zapitazo amaliza angati, supavaiza mmodzi amasunga ophunzira angati, ndiponso amalipira ndani semesita yoonjezera ngati wachedwetsa ndi mphunzitsi. Akakuyankhani mozungulira, sakani omwe akulemba thesis panopa muwafunse okha.